Timaenje ta Pabwalo la a Sabiti

Amene adayamba kutiona timaenjeto ndi a Sakina, m'mawa wina wa Juni, atangomaliza swala, pemphero la m'bandakucha, n'kutuluka ndi tsache. Tinali tisanu, tondandalika bwinobwino pansi pa mtengo wa mango, kalikonse kukula kwake ngati chikhato. Mbewa sikumba choncho, ndipo fuko amasiya mulu wa dothi, koma apa dothi linali litakankhidwira pambali mwaudongo. Adatikwirira ndi phazi, n'kusesapo, osauza munthu.

Nkhawa anali nazo kale zokwanira. Amuna awo, a Sabiti, omwe kale ankayenda ndi nsalu m'misika ya ku Ndunde, adagwa ndi sitiroko patangotha milungu iwiri mnzawo wa paubwana, a Nikodemo, ataikidwa m'manda. Dzanja ndi mwendo wakumanja zidafa, pakamwa padatsekeka. Miyezi inayi yathunthu, ngakhale liwu limodzi! Ankagona pamphasa pabalaza poti pabedi sakanatha kukwera. Wowathandiza a Sakina kutembenuza wodwalayo ndi kumumwetsa phala anali a Bibiana, amasiye a malemu Nikodemo omwewo, a kutsidya kwa msewu. Wina wa kumzikiti, wina wa kutchalitchi, koma zaka makumi anayi akupalana moto.

M'mawa wachiwiri timaenje tinali tisanu ndi titatu. Chidawaopsa a Sakina sichinali chimenecho ayi, koma mkwekwe wapadothi, ngati wa thumba la chimanga lokokedwa, wochokera pamango paja mpaka pakhomo penipeni pa nyumba. Atalowa adapeza fumbi pabulangete la amuna awo. Adakwiriranso. Tsiku lachitatu supuni yaikulu ya phala idasowa. Tsiku lachinayi m'kaenje kalikonse munali timiyala tiwiritiwiri, ndipo apa mayi wina wopita kumjigo adaona a Sakina asanakwirire.

Inu, nkhani ya pamjigo ili ndi miyendo. Pofika masana anthu ankati amenewo ndi manda aang'ono owerengera masiku a a Sabiti. Ena ankati chinthucho chimakwawa usiku n'kulowa m'nyumba kukapumira wodwala. Ndipo poti munthu aliyense wolowalowa pakhomo la odwala sachedwa kulozedwa chala, dzina la a Bibiana lidayamba kumveka chapansipansi: ati safuna kukhala wamasiye okha.

Twaha, mwana wa a Sabiti, adabwera kuchokera ku Limbe atatupa ndi mkwiyo. A Bibiana atafika ndi kapoto ka phala, adawaimitsa pampanda n'kuwauza kuti asapondenso pakhomopo, ndipo zikapitirira nkhaniyi ikathera kubwalo. A Bibiana adayang'ana mnzawo. A Sakina adayang'ana pansi, ndipo apa ndiye adalakwa, sindiwaikira kumbuyo. Gogoyo adaika kapoto pansi mwaulemu n'kubwerera, chitenje chikukwekwereka. Phala lidazizirira pomwepo, a Sakina akulira kuseri kwa bafa.

Usiku umenewo a Sakina adati zivute zitani aona okha. Nthawi zonse ankagona ngati mwala chifukwa cha kutopa, koma tsikuli adatuluka Twaha atayamba nkonono, nakabisala m'khitchini ya panja. Kunali chiperoni. Mphepo yochokera kuphiri inkalowa m'ming'alu ya chitseko, malata akulira pang'onopang'ono, galu wina kutali akuuwa kamodzi n'kusiya ngati waopsezedwa. Mwezi unali kuseri kwa nkhungu, kuwala kwake kotuwa ngati phulusa. Ali chikhalire, adamva munthu akupuma pakona, pafupi ndi nkhuni. Kenako dzanja lozizira lidawagwira pachigongono.

"Achemwali, ndi ine," adanong'ona a Bibiana. "Ndabwera kudzaona chimene akuti ndimatuma."

A Sakina adangoligwira dzanjalo n'kulilowetsa m'shawelo yawo, awiriwo nadikira akunjenjemera.

Pakati pa usiku chitseko cha nyumba chidalira, kwiii. Koma sichidakankhidwe ndi wochokera kunja. Chidatseguka cham'kati. Padatulukira mutu wa imvi, kenako phewa, kenako thupi lonse likudzikoka ndi chigongono chimodzi, supuni ili kukamwa. Anali a Sabiti. Mkwekwe uja anthu onse adauwerenga chobwerera: sunkalowa m'nyumba, unkatuluka.

A Sakina adafuna kuthamangira, a Bibiana adawagwira. Nkhalambayo idafika pamango, idapuma nthawi yaitali, niyamba kukumba ndi dzanja lamanzere. Khwe, khwe, khwe. Mzere umodzi wa timaenje tisanu ndi titatu, kenako wachiwiri. Kaenje kamodzi ka mzere wakutsogolo adakakonza mosamala ndi m'mphepete mwa supuni mpaka kadakhala ka makona anayi.

"Bawo," adatero a Bibiana. "Akukumba bawo, achemwali. Kaenje ka makona anayi ako ndi kamene amati nyumba."

Zoonadi. Zaka zonse zija abambo awiriwa ankaswera pansi pa mango omwewa, akukangana ngati ana, mpaka wina aitanidwe ndi adhana kumzikiti, wina ndi belu kutchalitchi. Thabwa la bawo linali la a Nikodemo, ndipo maliro atatha mphwawo Lawrence adalitengera ku Mikolongwe, popanda woganiza kuti latsala ndi mwini wake wina. A Sakina adadzigwira pakamwa. Munthu ankavutika usiku wonse ndi dzanja limodzi, iwo m'mawa n'kumakwirira ndi phazi! Chisoni chidawapweteka kuposa mantha.

A Sabiti adathira timiyala m'timaenje tawo khumi ndi tisanu ndi kamodzi, mbali yawo yokha. Kenako adatsamira tsinde, dzanja lamoyo lija lili pabondo, maso ali kutsogolo kumene kunalibe munthu, monga amachitira wodikira mnzake kuti asewere. Nkhungu idakhuthala mpaka amayiwo ankangoona chithunzithunzi chawo.

Ndipo adamva. Khwe, khwe, khwe, mofulumira, mwa munthu wa manja awiri. Kenako timiyala tikugwa kamodzikamodzi, kho, kho, kho, kuzungulira mbali inayo. Chithunzithunzi cha a Sabiti sichidasunthe. Amayiwo adakumbatirana, aliyense akupemphera m'njira yake.

Mumdimamo mudamveka kuseka. Kuseka kwa kukhosi kouma, kwa munthu amene waiwala kasekedwe, ndipo pambuyo pake mawu olemera koma omveka bwino:

"Iwe Niko, wabera."

Kutacha Twaha adapeza bambo ake ali m'tulo pamango, atafunditsidwa mashawelo awiri, amayi awiri atakhala uku ndi uku. Pansi panali timaenje makumi atatu ndi tiwiri. Mbali inayo dothi linali losalala monga adalisesera a Sakina dzulo lake, popanda mkwekwe, popanda phazi. A Bibiana adawerama n'kunyamula tsamba la mango limene linali pamalo pamene amuna awo ankapondapo. Pansi pake panali kamwala kamodzi.

"Ndi iwowo," adatero, akuseka misozi ili mbwe. "Ankabisa pansi pa phazi. Zaka makumi anayi ndikuwauza kuti n'tchimo."

Twaha adavula chipewa, adagwada pamaso pa a Bibiana. Iwo adangomuuza kuti akatenge kapoto kawo pampanda, phala lichedwa.

A Sabiti sadalankhulenso kuchokera tsiku limenelo, koma madzulo aliwonse Twaha kapena amayiwo amawanyamula n'kukawakhazika pamango, bulangete lili m'mapewa. A Sakina amasesa bwalo lonse m'mawa monga kale. Pofika pamenepo, tsache limalambalala.