Chilombo cha pa Mphambano ya ku Muloza

Dzina lake linali Venâncio, ndipo anapempha zinthu ziwiri zokha: masaka anayi ndi singano yaikulu yosokera matumba. Anafika kwa Deolinda dzuwa litapendeka, nkhondo itafika kale ku Milange. Deolinda, telala wa m'mudzimo, ankadya za zigamba, poti nsalu yatsopano inali itasowa.

"Masaka anayi? Mwakolola chiyani chaka chino, bambo?"

"Palibe, mana," anatero, kumutchula achemwali m'Chipwitikizi. "Sindinakolole. Ndikufuna mundisokere chilombo."

Anafotokoza maso ali pansi. Pa mphambano yopita ku Muloza, kumene anthu ankaoloka mtsinje wa Ruo usiku kukagula mchere ndi sopo, njira ya kumanja inali itakwiriridwa mabomba. Mkazi wake anafera mmenemo. Venâncio anaikapo chikwangwani, anthu a mfuti anachizula. Anatchinga ndi minga, apaulendo anaikankhira pambali.

"Bomba silioneka, n'chifukwa chake saliopa. Tiwapatse chooneka."

Anachisoka masiku atatu, akukangana. Venâncio ankafuna mano a malata, komanso kuti chizithamangitsa anthu. Deolinda anakana.

"Mukawathamangitsa athawira m'tchire momwe muli mabombamo. Chisathamange. Chingoima."

Anamanga zitini za miyala m'miyendo kuti chizimveka chisanaoneke. Nkhope anaipaka laimu kuti iziwala ndi mwezi. Mkono umodzi anautalikitsa ndi nsungwi. Lamulo linali limodzi: kugwedeza zitini katatu, kuloza njira yabwino ya kumanzere, ya m'nthochi, osayankhula.

Chinagwira ntchito: usiku uliwonse Venâncio ankachivala n'kukaima panjirapo. Miyezi inayi inatha popanda wofera pa mphambanopo. Venâncio anasunga singano ija yokonzera masaka akang'ambika, ndipo akabwera ankasiya kamchere kokulunga m'tsamba pakhonde. "Singano yanu ndibweza, mana, musadandaule."

Lachisanu lina anabweretsa chilombocho mkono utathothoka. Anati akupita ku Mongue kukaona mbale wake, abwera Lolemba. Deolinda anachipinda n'kuchibisa pansi pa bedi.

Lolemba linadutsa. Lachitatu madzulo mng'ono wake wa Deolinda, Olinda, anayamba matenda a kubereka, mwana n'kukhala mopingasa. Chipatala chogwira ntchito chinali kutsidya kwa Ruo. Deolinda anamukweza pa njinga nayamba kukankha.

Mwezi unali utatuluka. Atafika pa mphambano anakhotera kumanzere, monga ankachitira aliyense.

Tswaa.

Anaima. Kunali kulira kwa zitini zija.

Tswaa. Tswaa.

Chinali chitaima pakati pa njira ya m'nthochi, nkhope ili mbuu. Mkono wautali uja sunaloze kumanzere kapena kumanja. Unaloza kutsikira ku kamtsinje. Pa phewa pake Deolinda anaona chigamba chabuluu chimene anasoka yekha, chochokera ku diresi ya malemu amayi ake. Chigamba chomwecho anachisiya kunyumba, pansi pa bedi.

"A Venâncio, ndi ine. Tasunthani, mwanayu akudwala."

Zii. Ngakhale kupuma sikunamveke mkati mwa masakawo.

"Achemwali, tibwerere," Olinda ananong'ona, atamugwira mkono mpaka zikhadabo kulowa.

"Tikabwerera ukafera pamphasa. Sitibwerera."

Njira ya m'nthochi Deolinda ankaidziwa ngati khonde lake, ndipo akanatha kuchilambalala. Koma lamulo lija, loti chiziloza njira yabwino, analiika ndi iye mwini. Anagoneka njinga m'udzu, nabereka Olinda kumsana, n'kutsikira kumene mkono unaloza.

Madzi anafika m'maondo, ozizira ngati chitsulo. Anayenda mumtsinjemo osacheuka. Kumtunda zitini zinkawatsatira pang'onopang'ono. Iye akaima, nazo zinkaima. Atayamba kumva mkokomo wa Ruo, zinangoti zii.

Mwana anabadwa kukucha, wamkazi, wamoyo.

Pobwerera Loweruka Deolinda anapeza anthu akunong'onezana. Mbuzi za Pascoal, woyandikana naye nyumba, zinaphulika m'njira ya m'nthochi Lachinayi m'mawa. Mabomba atsopano anali atakwiriridwa mmenemo Lachitatu masana. Ochokera ku Mongue anabwera ndi uthenga wina: Venâncio anakumana ndi anthu a mfuti Lolemba pobwerera, ndipo anaikidwa m'manda Lachiwiri. Ena ankati chinali chiwanda. Ena ankati munthu wina wachifundo anasoka chake.

Deolinda analowa m'nyumba nasolola masaka aja pansi pa bedi. Anali opindidwa monga anawasiyira, mkono ukadali wothothoka. Koma kumiyendo kunali konyowa, ndi matope a kumtsinje.

Anakhala pansi kanthawi. Njira zonse ziwiri zinali zitaipa tsopano, ndipo usiku womwewo anthu akanadutsanso. Anaganiza zolumikiza mkonowo n'kuvala yekha, koma analibe singano yoboola saka.

Potuluka kukabwereka, mutu wake unakhudza kanthu pamwamba pa chitseko. Linali tsamba lokulunga kamchere, litabayidwa ku mtengo ndi singano yake.