Tsiku Limene 9 Anaposa 120

Pakhomo pa a Petulo, aphunzitsi a ku Chowe, munthu sankadya asanapemphere ndipo mwana sankasiya ntchito panjira. Ndi pamene anakulira Gilford, mnyamata wanzeru zake koma wa phuma. Mu 1991 anapeza ntchito ku Mangochi, pa bungwe lina lothandiza odwala.

"Nzeru uli nazo, mwana wanga," anatero bambo ake pomuperekeza. "Chimene ndikuopa ndi phuma lakoli. Kuthamanga si kufika."

Mu ofesimo munali kompyuta imodzi yokha. Ankaifunditsa nsalu ngati khanda, ndipo odutsa pafupi ankachita kunong'ona. Gilford ataona zilembo zobiriwira zikuthamanga pagalasi anangoti kukamwa yasa. Ukaifunsa za midzi yonse ya m'mbali mwa nyanja, inkayankha usanameze malovu. Ankaiopa, komanso ankaikonda.

Amene anamuphunzitsa anali a Mustapha, akulu a ofesiyo.

"Tamvetsa apa," anatero. "Amene anayamba kulemba m'makinamu anasunga manambala ngati mawu. Ndiye makina amayamba kuona chilembo choyamba, monga tichitira ndi maina. Kwa iwo 9 ndi wamkulu kuposa 120, poti 9 amaposa 1. Usanawafunse kanthu uziyamba wawalamula kuti asandutse mawuwo akhale manambala enieni, kenaka uziona yankho ndi maso ako."

"Ndamva, bwana."

Anamvadi, mpaka anadziwana ndi Kingstone, kalaliki wa ofesi yoyandikana, amene ludzu linkamupeza dzuwa lili paliwombo. Gilford anayamba kufika mochedwa ndi kuweruka msanga. A Mustapha anamudzudzula kangapo, koma mawu ankangolowa uku n'kutulukira uku.

Mvula itagwa, kolera inabuka. Mankhwala anali ochepa, galimoto imodzi. Tsiku lina a Mustapha anaitanidwa kumsonkhano wa chipani, kumene munthu sankajomba.

"Uyale midzi kuyambira wa odwala ambiri," anatero potuluka. "Galimoto ipite ku midzi ya pamwamba pa mndandandawo."

Posakhalitsa Kingstone anasuzumira pazenera. "Amwene, mukuvutikiranji? Makina odula ngati amenewa angalakwe? Dinani batani tizipita, anzathu atithera mowa."

Gilford anakumbukira lamulo lija, koma ulesi unamukulira. Anadina, pepala linatuluka, iye n'kupereka kwa dalaivala osaliwerenga n'komwe.

Mawa lake dalaivala anabwera akupukusa mutu. "Bwana, komwe munatituma tapezako odwala ongowerengeka. Koma ku Nkhudzi akuti anthu akugwa ngati ntchentche."

A Mustapha anakhala pa makina n'kulemba mzere umodzi wokha. Maina anagwedezeka pagalasi, ndipo mudzi wina wa ku Nkhudzi, umene dzulo unali pansi, unalumphira pamwamba: odwala 120. Kamzere kamodzi kanali kokwanira kulozera moyo njira, ndipo Gilford anakakana. Mudzi umenewo ndi kumene anakwatiwa mchemwali wake Mariya.

Anathamangirako ndi mankhwala otsala. Anapeza odwala atayalidwa pamikeka pansi pa mitengo ya mango. Mariya anali moyo, maso atalowa m'kati. Mwana wake woyamba anali ataikidwa m'mawa womwewo, pamodzi ndi ena a m'mudzimo.

A Petulo anali atafika kale. Anamuyang'ana mwana wawo n'kumufunsa:

"Makina aja anakunamiza?"

Gilford anagwada m'matope. "Ayi, bambo. Anayankha zomwe ndinawafunsa."

Ntchito inamuthera. Mowa anasiya, ndipo anaulula tchimo lake pamaso pa mpingo akulira. Mariya anachira n'kumukhululukira, koma Gilford sanathenso kuyang'ana kamanda kaja.

Achinyamata, ulesi ndi tchimo, ngakhale usaoneke ngati kuba kapena kupha. Ntchito yaing'ono imene mwaidumpha lero mwina ndi imene ikugwira moyo wa mnzanu. Mulungu amakhululuka wolapa, koma wopita kumanda sabwerera.