Simbi ya Tambala ya Agogo Yobu

Paukwati wa Nedson ndi Lefina ku Chisemphere ine ndinalipo, ndipo tinavina mpaka fumbi lake linakafika ku Boma, amaofesi n'kutseka mawindo. Wotsutsa akafunse. Nedson anali mkamwini wa manja olimba, mlimi wa fodya. Iye ndi Lefina ankasoka fodya m'chigafa atakhala pampando umodzi, mipando ina ilipo. Anthu tinkachita kuyang'ana kumbali.

Lefina anali ndi agogo ake aamuna, a Yobu, amene anatha unyamata wawo ku Halale. Anabwerako ndi thiranki yachitsulo, galamafoni yosalira, ndi simbi ya makala yokhala ndi katambala pachivindikiro. Simbiyo sinasitepo malaya a munthu. A Yobu ankaipukuta Lamlungu lililonse ngati khanda, ndipo ntchentche ikaterapo ankaitukwana mpaka makolo ake. Atamwalira, akubanja anakhoma nyumbayo ndi loko. Mwambo wake ngwakuti katundu wa womwalira sakhudzidwa mpaka tsiku lometa, ndipo kumeta anakuika pambuyo pokolola. Kiyi anasungitsa Lefina, poti ndiye ankawaphikira.

Chaka chimenecho makuponi a feteleza anatuluka, koma Nedson anamudumpha. Nazale inali itabiriwira kudambo, mitambo yayamba kusonkhana, m'nyumba mulibe ngakhale kathumba. Mwamuna uja ankangokhala pakhonde atagwira tsaya.

Ndiye kunatulukira a Success, bambo wa ku Kasungu Boma, wa njinga yamoto ndi jekete lachikopa ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Ankayenda m'midzi kugula zinthu zakale: makina osokera, mawotchi akufa, makobili oboola pakati. Ananong'oneza Lefina pachigayo kuti simbi ya tambala, ikakhala yeniyeni, azungu amailimbirana, ndipo feteleza wake angadzaze ngolo.

Apa ndi pamene mtima wabwino unalakwa njira. Lefina anafuna kugulitsa simbi ya agogo ake kuti apeze feteleza, koma anaganiza kuti Nedson akadziwa, nkhani ikaphulika abale adzati mkamwini waba za maliro, n'kumupirikitsa pamudzi. Choncho anangoti chete. Mwamuna akatsikira kudambo ndi kheni kukathirira nazale, iye ankatsegula loko, a Success n'kulowa. Ulendo woyamba anayesa simbi ndi maginito. Ulendo wina anabwera kudzaijambula ndi foni. Ulendo winanso akuti bwana wawo wa ku Lilongwe sanayankhe. Ankangobwerabe.

Koma Lefina anali mwana woleredwa ndi mwambo. Manja amene agwira za womwalira anthu asanamete ankawaopa. Anati ndikathira mchere m'ndiwo ndi manja amenewa, ndimudwalitsa mwamuna wanga. Basi anayamba kuphika ndiwo zopanda mchere, mcherewo n'kumauika padera pakambale.

Inu a kwathu kuno mukudziwa. Mkazi amasiya kuthira mchere akakhala kumwezi, kapena akayenda ndi mwamuna wina, kuopa kudula mwamuna wake ndi mdulo. Nedson anadikira sabata, nayamba kudikira ina. Mwezi wanji wosatha?

Wothira mafuta pamoto anali a Feggie, oyandikana nawo nyumba, mayi amene khutu lawo limamva nyerere ikutsokomola ku Mtunthama. Anamupeza Nedson pachitsime.

"Alamu, mwaonda bwanji? Kapena ndiwo sizikukoma?"

"Mukufuna kunena chiyani, a Feggie?"

"Ine? Palibetu. Ndangodabwa kuti a Yobu chimwalirire akulandirabe alendo a njinga yamoto. Ndipo wowatsegulira ndi waulemu, amatseka chitseko akalowa."

Masana omwewo Lefina anatula mbale ya nkhwani, kambale ka mchere pambali. Nedson anakankha mbaleyo ndi phazi.

"Thira mchere."

"Thirani nokha, bambo, suli apowo?"

"Ndati thira ndi dzanja lako, ndikuona!"

"Sindingathe."

"Chifukwa?"

Lefina anayang'ana pansi. "Mudzadziwa. Ndipatseni masiku pang'ono, mudzandithokoza."

"Ndidzakuthokoze? Pondisungira moyo uku ukugona ndi wajekete m'nyumba ya maliro? Hule wachifundo iwe!"

"Nedson, mawu amenewo muwabweze."

"Ndibweze chiyani? Amene alibe kuponi si mwamuna, eti?"

Mkazi analira, koma pakamwa sanatsegule. Abale anga, nsanje ikalowa m'mutu imabwera ndi mboni zakezake. Misozi imakhala umboni, kukhala chete umboni, ngakhale kumwetulira umboni. Nedson anasiya kudya pakhomo. Ankatsokomola dala pamaso pa anthu, n'kumadzigwira m'mapazi kuona ngati ayamba kutupa.

Tsiku la tsokalo dzuwa linali pamutu. A Feggie anachita kutsikira okha kudambo, chitenje m'manja.

"Alamu, njinga ija yabwera. Aiimika kuseri kwa mango."

Nedson anataya kheni. Anapeza loko ali lende, nakankha chitseko. M'katimo munali mdima, ndipo anaona anthu awiri atagwada pafupi ndi thiranki, mitu itagundana. A Success anatulukira pawindo limene ngakhale mphaka amayamba waganiza, jekete n'kutsala pamsomali.

Lefina anaimirira atanyamula simbi ndi manja awiri, akumwetulira mwamantha.

"Bambo, onani, ndi iyi. Ndimafuna feteleza wa..."

Nedson anailanda. Simbi ya makala njolemera, ndipo iye anali ndi manja olimba aja. Anamenya kamodzi, katambala kaja n'kulowa pamwamba pa khutu. Lefina anagwera pathiranki ya agogo ake osalira n'komwe. Pamaliro, amene anagubuduka kwambiri ndi kulira anali a Feggie.

Asanathe masiku ambiri, makuponi otsalira anafika pamudzi. Dzina loyamba kuitanidwa linali la Nedson. Anthu anangoyang'anana.

Kukhoti lalikulu simbi ija anaiika patebulo, atamangirira kapepala pachogwirira. A Success anaima m'bokosi la mboni atavala jekete lina.

"Munali pachibwenzi ndi malemuwa?" anafunsa woweruza.

"Ayi bwana. Mayi aja ngakhale moni wa pamanja ankakana. Ankati manja awo agwira za maliro, mpaka mchere anasiya kuthira kuopa kudwalitsa amuna awo."

Nedson anadzutsa mutu koyamba.

"Nanga simbiyi ndi ya mtengo wapatali?"

"Iyi? Chitsulo wamba, bwana. Ndinadziwa tsiku loyamba lomwe. Zotere zili mbwee."

"Ndiye munkabwereranji?"

"Galamafoni, bwana. Imene ija ndiye inali ndi msika. Ndimati ndiwatopetse kaye ndi simbi, kenako andipatse galamafoniyo motchipa."

Woweruza anavula magalasi, nati Nedson akakhale kundende moyo wake wonse. Fodya wa munazale anauma osawokeredwa. Galamafoni inasowa pa tsiku lometa, ndipo mpaka lero palibe akudziwa amene anainyamula.

Ndinapita kukamuona chaka chatha. Wakalamba, mano atha, manja aja angotsala zikopa. Inu amuna okonda kuweruza mlandu ndi mbale ya ndiwo, mukanamuona. Mkazi wake anamubisira chinthu chimodzi pofuna kumusunga, iye n'kumupha osadikira kuti amalize chiganizo.

Belu la chakudya litalira, anabwera ndi mbale ya nyemba zamadzimadzi. Ndinatulutsa kapepala ka mchere kamene ndinamutengera. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anakakankhira kwa ine.

"Bwerera nako. Wondiikira mchere pambali ndinamupha."

Anadya nyembazo choncho, mpaka kunyambita mbale.