Mlendo wa Masiku Atatu

Lolemba pa 13 Meyi 2024, pasukulu ya pafamu ina kufupi ndi tawuni ya Mvurwi panafika matabuleti khumi ndi awiri. Mayi Chikore, mphunzitsi wa zapakhomo, anawagawa kwa ana a Fomu 2. M'tabuleti iliyonse munali kanyumba komwe tianthu tinkaphika, kuchapa ndi kukangana ngati anthu enieni.

"Aliyense amange banja lakwawo," anatero mphunzitsiyo. "Ndidzachonga Lachisanu pa 24."

Lestina anaikamo amayi ake, iye mwini ndi mng'ono wake. Atafika pa amalume ake, a Passmore, anaima. Pulogalamuyo inkadziwa malo anayi okha: bambo, mayi, mwana ndi mlendo. Bambo ake anachoka iye ali ndi zaka ziwiri. Amene anamupatsa dzina, amene ankaweruza nkhani zapakhomo ndi kusaina makalata a kusukulu, anali amalumewo, eni mbumba, monga ankachitira makolo awo ku Malawi. Anawaika pa mlendo.

Lachinayi Lestina anadabwa. Kamunthu ka amalume kananyamula chikwama, kanatsanzika, n'kutuluka pakhomo. Pamwamba panatuluka mawu ofiira akuti banja silinakwane.

"Sekuru vako athawa," anaseka Rutendo, mnzake wa pa desiki, potchula amalumewo m'chilankhulo chakwawo. "Mlendo amakhala masiku atatu basi. Ingopanga bambo, iwe. Adziwa ndani?"

Lestina anapanga bambo wamtali, wovala tayi, n'kumutcha Honest. Mawu ofiira anazimiririka. Honest ankakhala pampando n'kumawerenga nyuzi.

Pa 23 linali tsiku la makolo. A Passmore anabwera kuchokera kushedi yosankhira fodya, zala zili bii ndi phula la masamba. Anagwira tabuletiyo m'mphepete kuti asaidetse, n'kuiyang'anitsitsa.

"Awa ndi mlongo wanga, ndawazindikira duku. Uyu ndi iwe. Nanga a tayiwa ndi ndani?"

"Ndi a Honest, amalume."

"Amadya pakhomo pathu?"

"Ayi."

"Ali ndi mwayi. Mpando wabwino." Anasuntha chala pagalasi, kusuzumira kukhitchini, kenako kuseri kwa nyumba. "Ine ndili kuti?"

Lestina anayang'ana pansi. "Munapita. Makinawa amati ndinu mlendo."

A Passmore anaseka pang'ono, n'kubweza tabuletiyo.

M'mawa wa Lachisanu, Lestina anafufuta Honest n'kuitananso amalume ake. Mawu ofiira anabwerera. Anapita nawo choncho kutsogolo.

"Madamu, kwathu mwana ndi wa kuchikazi. Amatiyang'anira ndi amalume. Muno mulibe malo awo."

Mayi Chikore anayesa mabatani onse. Kenako anatembenukira kalasi. "Ndi angati amene mwapanga munthu amene kulibe?"

Manja anakwera pang'onopang'ono, mpaka asanu ndi awiri. La Rutendo, amene amaleredwa ndi agogo ake, linali lomaliza.

Tsikulo mphunzitsiyo sanachonge aliyense. Anawauza ajambule mabanja awo papepala, ndipo iye analembera kalata amene anapanga pulogalamuyo, kufunsa ngati angawonjezere malo a malume.

Kalatayo inapita pa 27 Meyi. Teremu inatha yankho lisanabwere. Mpaka tsiku lotsekera, pakatha masiku atatu alionse, kamunthu ka a Passmore kankanyamula chikwama kulunjika pakhomo, ndipo Lestina ankakaitananso kuti kalowe.