Ulusi Wofiira pa Mtolo wa Mpiru

Tandiyankheni, ana inu: ndi mbuzi yanji imene imadya msipu khola lino, mkaka n'kukapereka khola linalo? Musathamange, khalani pansi.

Mwana wa achimwene anga ali kuyunivesite. Ndalama ya ndiwo inkamuthera mwezi usanafike pakati, ndiye anadzala mpiru m'matumba akale a simenti kuseri kwa hositelo. Anzake anamutcha Namatumba.

Tsiku lina pasiteji ya basi, Namatumba atasenza thumba la manyowa, mnyamata wa jekete lonyezimira anamulandira katundu.

"Duwa ngati iwe kusenza ndowe? Bweretsa kuno, shuga wanga."

Basitu, mtima wa mwana uja unasungunuka ngati majarini padzuwa. Foni sinkapumanso: "Wapamtima, mpiru wako ndi umene ukundisunga. Ndikangomaliza sukulu, mphete ndi yako."

Mnyamata uja, Chijekete, ankatenga mitolo iwiriiwiri, ati adokotala anamuuza kuti azidya masamba ambiri. Namatumba ankamanga mtolo uliwonse ndi ulusi wofiira wosomola kujuzi lake, iye n'kumadya achikasu otsalawo. Chikondi si matenda kodi?

Loweruka lina anakabwereka simbi kwa mtsikana wa chipinda chapamwamba. Patebulo panali mpiru, ulusi wofiira uli nga!

"Asisi, masambawa mumagula kuti?"

"Kugula? Bebi wanga ali ndi dimba. Akuti akamathirira amaganiza za ine."

Namatumba anamva ngati wameza khala la moto. Manyowa asenze iye, kunenepa anenepe wina? Misozi ili chuchuchu, anamuonetsa mnzakeyo mkono wa juzi wosomoka mpaka m'chigongono.

Madzulo ake wapamwamba uja anaitana Chijekete, anzake atadzaza chipinda.

"Bebi, awa akufuna akaone dimba lako lija."

Chijekete anakonza kolala. "Ndi kutali, atsikana. Maekala ndi maekala. Woyenda pansi sangalizungulire."

Namatumba anatulukira kuseri kwa chitseko, juzi lija lili m'thupi, chitini chothiririra chili m'manja.

"Maekalawo ndi matumba anga aja, achimwene?"

"Shuga wanga, ndikufotokozere..."

"Shuga watha. Landirani chitini ichi, mukathirire. Muzikatiganizira tonse awiri."

Chipinda chonse chinafa ndi phwete, wina mpaka kugwa pabedi. Chijekete pothawa anakola jekete pachogwirira chitseko, kwee!

Mpaka lero akamadutsa ndi buledi wake wouma, anyamata amamuvulira zipewa: "Mwaswera bwanji, a Mwinidimba? Mvula ikugwa kumaekala?"

Mbuzi ija mwaipeza?