Tepi ya Telala pa Makina a Wamafomu

Mzime ankasita mayunifolomu amene mkulu wake anasoka tsikulo, dzuwa litangolowa kumene, pamene anamva fungo la pepala lotentha. Anatukula simbi yamakalayo kuti aone ngati wawotcha kolala, koma kolala inali bwinobwino. Fungolo linkachokera kumsika, ndipo kumeneko kunkamveka kulira kwa makina ojambula mapepala, chonsecho magetsi anali atazima kuyambira m'mawa.

Makinawo anali a Wamafomu, bambo woonda wa zala zazitali amene anabwera m'mudzimo zaka zitatu m'mbuyomo n'kutsegula kashopu pakati pa butchala ndi wometa. Ankathandiza anthu kudzaza mafomu a sukulu zapamwamba, ndipo fomu yodutsa m'manja mwake sinkakanidwa. Mwana wa ahedi anatengedwa. Mwana wa nesi anatengedwanso. Koma mwezi umene mwana wa ahedi ananyamuka, bambo amene anatsogolera anthu pomanga mlatho anaiwala kuti mlathowo unamangidwa bwanji. Ankangokhala pakhonde ali duu, mpaka anam'peza atauma pampando dzuwa likuswa mtengo. Atapita mwana wa nesi, mayi amene anayambitsa sukulu ya mkaka anatsata njira yomweyo. Kuchipatala sanapeze nthenda. Anthu ankanong'ona ndithu, koma khomo lililonse lili ndi mwana wofuna sukulu, ndiye manong'onong'owo ankathera kukhosi.

Mzime anali kalaliki pa depoti ya simenti. Mtima wake unali pa sukulu ina ya zamalonda, yotchuka, imene pa anthu makumi awiri imatengapo mmodzi. Anayesa kawiri, anakanidwa kawiri. Ulendo woyamba analira sabata yathunthu. Wachiwiri anangowerenga kalatayo n'kupitiriza kuwerengera matumba a simenti, ndipo kuyambira pamenepo zinthu zinasiya kumufika pamtima.

Loweruka masana anapita kwa Wamafomu. Bamboyo anayala mapepala onse patebulo n'kumawayendetsa ndi chala ngati akusankha mpunga. Anati mayeso anakhoza, koma aliyense wolembera kumeneko anakhoza. Anati kalata ya abwana ake ikungoyamikira kuti amasunga nthawi, pamene wotchi yapakhoma nayo imasunga nthawi koma palibe amene anaitumiza kusukulu.

"Akusukuluko amafuna munthu amene anayambitsapo kanthu, anthu n'kumutsatira," anatero Wamafomu. "Inu munayambitsapo chiyani?"

"Palibe."

"Nanga kunyumba kwanu?"

Kunyumba kunali mkulu wake, telala. Makolo awo atamwalira, mkuluyo ndiye anayamba kusoka pakhonde, ndipo tsopano anali ndi shopu yolemba amayi asanu ndi anayi. Wamafomu anauza Mzime kuti abweretse chinthu chimene mkulu wakeyo amachigwira tsiku ndi tsiku. Tisanamizane apa, Mzime ankadziwa. M'mudzi muja ngakhale nkhuku zinkadziwa. Lolemba anatenga tepi yoyezera imene telala ankaikoleka m'khosi, ija yofufutika manambala oyambirira.

Wamafomu anaigoneka pagalasi la makina n'kutseka chivundikiro. Kuwala kobiriwira kunadutsa kamodzi. Mzime anaona kuti pulagi ya makinawo ili pansi, pafupi ndi phazi lake, koma sanafunse. Pepala linatuluka lotentha, lopanda chithunzi cha tepi. Linali lodzaza mawu, ndipo mzere woyamba unkati: Ndinayamba ndi makina osokera amodzi obwereka, pakhonde lodontha.

"Izitu si zanga," anatero Mzime.

"Mudzandiuzenso choncho pakatha sabata."

Fomu inatumizidwa tsiku lomwelo.

Patsiku lachitatu telala analephera kulowetsa ulusi pasingano, n'kumati ndi maso. Lachisanu lake anafunsa amayi a kushopu kuti akudzatani m'mawamawa pakhomo la eni. Nayenso Mzime anadzuka ndi zipsera za singano kunsonga za zala. Makina ena osokera atajama, anawamasula n'kuwakonza, iye amene sanasokepo ngakhale batani. Anayamba kukumbukira zinthu. Ankakumbukira mvula ikudonthera pansalu ya kasitomala woyamba, ndi manyazi a tsiku limene anadula diresi laukwati mkono umodzi waufupi. Amayi aja, posowa wofunsa, anayamba kufunsa iye, ndipo iye ankayankha mosaganiza n'komwe.

M'nyumba monse munkanunkha pepala lotentha, ngakhale m'madzi akumwa. M'mawa wina telala anamugwira mkono ndi dzanja lozizira.

"Mzime, kodi ine ndinkagwira ntchito yanji?"

"Pumulani, achemwali."

"M'mutumu muli zii. Ngati nyumba yoti anthu asamukamo."

Mzime anayembekezera kuti mtima umupweteke. Anaimirira pamenepo kudikira, koma sikunabwere kanthu, ndipo anapita kukatereka madzi osamba.

Sukulu ija inayankha. Inkafuna kucheza naye pa kompyuta Lachisanu, 2 koloko masana. Lachinayi Mzime anabwerera kwa Wamafomu kukafunsa ngati zinthu zingabwerere m'malo mwake. Bamboyo sanabise. Anamuonetsa pafoni ya Mzime yomwe, pansi pa fomu, pamalo podina munthu akafuna kuichotsa. Anati akadina pamenepo macheza a mawa asanathe, telala adzadzuka ndi zake zonse.

"Mwana wa ahedi ndi wa nesi ndinawaonetsanso pomwepa," anatero. "Ine sindinaphepo munthu, mayi. Ine ndimangojambula."

Madzulo omwewo mayi wina wa kushopu, podutsa, anaona tepi ya telala itapachikidwa pamsomali mwa Wamafomu, pambali pa chingwe cha womanga mlatho ndi kabelu ka sukulu ya mkaka. Anakuwa. Msika wonse unakhamukira kumeneko, koma pothyola chitseko anapeza mwini wake kulibe, tiyi wake akadali wofunda. Atatsegula makinawo sanapezemo waya ngakhale mmodzi. Munali tsitsi lokhalokha, lonyowa, ndipo linkatuluka nthunzi. Anawotcha zonse pamsewu, n'kumauzana kuti mfiti yathawa, telala achira tsopano. Mzime anali pomwepo, foni ili m'thumba. Sanauze munthu.

Lachisanu anavala jekete, n'kukhala patebulo la pabalaza. Foni anaiika pambali pa kompyuta, malo odina aja ali poonekera. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsekula, ndipo ankaona msana wa mkulu wake atakhala pabedi, kuyang'ana khoma.

Pa kompyuta panaoneka anthu atatu. Anamufunsa za shopu, za amayi asanu ndi anayi, za chaka chimene nsalu zinasowa. Mzime anayankha zonse bwinobwino, ndipo palibe pamene anamva kuti akunama. Chala chake chinali pafupi ndi foni. Kenako mayi wa magalasi, amene ankaoneka kuti ndiye wamkulu, anafunsa chimene chinamupangitsa kuyamba kusoka.

Yankho linabwera lokha, lathunthu. "Ndinali ndi mng'ono wanga. Anali wanzeru kwambiri. Ndinalumbira kuti ine ndisiya sukulu, koma iye asadzasiye."

Ankakumbukiradi. Ankakumbukira kamwana kogona pamulu wa nsalu, kope lili pachifuwa, ndi mmene ankakafunditsira mosamala kuti kasadzuke.

"Nanga mng'ono wanuyo ali kuti pano?" anafunsa mayi wa magalasi.

Mzime anayang'ana pakona ya kompyuta, pamene pankaoneka nkhope yake. Anaiyang'anitsitsa nthawi yaitali, kufunafuna kamwana kaja.

"Anamwalira," anatero.

Atatu aja anagwedeza mitu mwachisoni n'kulemba. Kuchipinda bedi linalira kamodzi. Foni inali itazima yokha patebulo, ndipo Mzime sanaiyatse.

"Tatsala ndi funso limodzi," anatero mayi wa magalasi.

"Funsani," anayankha Mzime.