Masamu a Zena

Zena anakumana ndi Swadick pa msonkhano wa aphunzitsi a sayansi pa loji ina ku Nkopola. Zena ankaphunzitsa fizikisi kusekondale kufupi ndi kwawo kwa Mponda. Swadick anali mlendo wapadera, mwana wa ku Monkey Bay amene ankachita kafukufuku ku yunivesite ina ku Ulaya.

Anafotokoza kuti ku labotale kwawo ankafuna kudziwa ngati chinthu chimakhaladi pamalo amodzi pamene palibe akuchiyang'ana. Vuto linali loti tinthu tating'ono ngati atomu timasokonezeka ukangotiyeza.

Zena anakweza dzanja nafunsa.

"Ngati atomu ili ndi njira ziwiri zokha, bwanji osaika choyezera pa njira imodzi? Chikapanda kulira, ndiye kuti yadutsa inayo, ndipo simunaikhudze."

"Zimenezo timachita kale," anatero Swadick akumwetulira. "Koma otsutsa amati choyezeracho chimasokonezabe mobisa. Mungathe kuwatseka pakamwa, achemwali?"

Swadick anakhala ku Mangochi mwezi wathunthu, ndipo tsiku silinkapita osaonana ndi Zena, amene anali atayamba kulemba m'kope masamu oyankha otsutsa aja.

"Duwa langa, nzeru zakozi si zothera pa choko," ankatero. "Ndidzakutenga. Ramadhani ikangotha, amalume abwera kwanu kudzakamba za nikaha, tikwatirane."

Atabwerera ku Ulaya analemba: "Wapamtima, jambula masamu aja unditumizire. Dzina lako lidzakhala patsogolo pa langa." Zena anatumiza masamba khumi ndi awiri a m'kope lake, osonyeza mmene angayezere kusokoneza kobisikako.

Kuyambira pamenepo mauthenga anayamba kufupika. Zena anali atatha miyezi iwiri osasamba. Ankaopa kusanza pamaso pa ana asukulu. Ankaopa maso a mayi ake. Akamva bambo ake akutsokomola pobwera ku mzikiti, ankathawira kuchipinda. Kodi akanawayamba bwanji, iwo amene ankamunyadira msika wonse?

Analemba: "Swadick, ndili ndi pakati. Ndikuopa." Foni inasonyeza kuti wawerenga. Yankho silinabwere, ndipo Ramadhani inatha popanda malume aliyense.

Kapena wadwala? Kapena wagwa pangozi kudziko la eni? Lachinayi lina pa buleki, Zena anafufuza dzina lake pa intaneti. Anapeza buku la digiri yake litangotuluka kumene. Mutu wachinayi unali masamu a Zena, mzere ndi mzere, koma dzina lake munalibe. Tsamba loyamba linati: "Kwa mkazi wanga Nuru ndi mwana wathu, amene anapirira nane."

Zena anamuimbira foni. Swadick anayankha monong'ona.

"Usamaimbe chonchi, ndili ndi anthu."

"Nuru ndi ndani?"



"Ndimafuna ndikuuze bwinobwino, duwa langa..."

"Kope ndikadali nalo, Swadick, ndipo tsiku limene ndinakutumizira likuoneka pa foni. Aphunzitsi ako aziona lero lino."

"Zena, undiphera tsogolo!"

Anadula foni. Zithunzi za kope zija anazitumizadi kwa aphunzitsi a Swadick, kenaka anapempha kuweruka msanga. Njira yonse ya kwa Mponda ankaona ngati aliyense akumuyang'ana pamimba.

Anapeza mayi ake akupeta mpunga kuseri kwa nyumba. Anagwada pafupi nawo.

"Amayi, ndisanakaonekere kwa ababa, mundimve inu kaye."

Mayi ake anaika lichero pansi, napukuta manja pa chitenje.

"Ndakudikira masabata atatu, mwanangu. Sendera kuno."